Kapekedwe ka nyimbo ya indie pop ya chikondi chimene chikuzirala

Funso ili landitopetsa. Ena amabwera nalo ku kachipinda kanga kojambulira nyimbo kuno ku Chilenje mu Lusaka, ena amalitumiza pa WhatsApp pakati pa usiku: "Achimwene, chibwenzi changa chikupita kokutha, ndapeka nyimbo, ndikufuna imveke ngati za indie zija. Ndiyambire pati?" Ndayankha mokwanira ndi pakamwa. Ndikulemba pano kamodzi, ndipo wofunsanso ndizingomulozera kuno.

Tiyambe ndi dzinalo, poti ambiri amaliyesa dzina la kamvekedwe. Indie ndi chidule cha mawu oti independent, woima payekha. Linafala ku Britain chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi m'ma 1980, pamene timakampani ting'onoting'ono monga Rough Trade ku London, Postcard ku Glasgow ndi Sarah Records ku Bristol tinkatulutsa nyimbo za achinyamata amene makampani akuluakulu sankawayang'ana n'komwe. Mu 1986 nyuzipepala ya zoimbaimba ya NME inatulutsa kaseti yotchedwa C86, imene mpaka lero imatchulidwa anthu akamakamba za chiyambi cha indie pop. Popeza ndalama zinali zochepa, nyimbozo zinkatuluka ndi magitala omveka mbee, ng'oma zosavuta, ndi mawu a munthu wamba amene sanapite kusukulu ya kuimba. Umphawiwo ndiwo unasanduka kamvekedwe. Masiku ano ambiri amajambulira m'chipinda chogona pa laputopu, n'chifukwa chake mumamvanso dzina loti bedroom pop. Kuno gitala si mlendo: mzinda uno unavina Zamrock m'ma 1970, kenako kalindula. Chachilendo m'khutu la pa Lusaka ndi kuimba motsitsa, ngati ukulankhula ndi munthu mmodzi amene wakhala pambali pako.

1. Dziwani nyimbo imene mukupeka

Nyimbo za chikondi chovuta zilipo zamitundu itatu, ndipo anthu amazisakaniza. Pali ya kusiyana: wina wanyamula chikwama, wakwera basi pa siteshoni ya Intercity, wapita. Pali ya kunyengedwa: mwapeza mauthenga mufoni. Yachitatu ndi ya kuzirala, ndipo ndiyo tikukamba pano. M'nyimbo imeneyi anthu awiriwo akadali limodzi. Palibe wamenya mnzake, palibe wachitatu walowerera, ankhoswe mutawaitana angasowe mlandu woweruza. Kungoti chimene chinalipo chikuchepa, ndipo onse awiri akudziwa koma palibe akuyamba kunena.

Apa ndi pamene ambiri amagwera, inenso ndinagwera pomwepa. Nyimbo yanga yoyamba yamtunduwu ndinaimbira achemwali anga akulu ali pakhonde akusadzula masamba a chibwabwa. Anamvetsera mpaka kumapeto osakweza mutu, kenako anati, "Ndiye mwana wa eni ake wakulakwira chiyani kuti umutukwane chonchi?" Ndinali nditalemba zoti iye wasintha, iye wandiiwala, iye ndi wouma mtima. Ndinali nditapeka nyimbo ya kubwalo la milandu. Mukaona kuti mzere uliwonse ukuloza chala, imani kaye. Woimbayo nayenso azivomera kuti kwa iyenso kwazizira. Chisoni cha nyimbo yotere chimachokera poti palibe womukwiyira.

2. Pezani kanthu kamodzi kamene kanasiya kuchitika

Musagwire gitala. Tengani kope, lembani zinthu makumi awiri zimene zinkachitika ndipo zinasiya popanda wina kulengeza. Osati maganizo, koma zinthu zoti munthu angazione kapena kuzimva. Ankakutumizirani uthenga woti "wafika?" musanatsike n'komwe minibasi. Ankatola chiwindi cha nkhuku m'mbale yanu osapempha. Foni ikalira ankayankha akuseka kale. Munkapita limodzi ku msika wa Soweto kukagula tomato ngakhale kantemba kali pakhomo pomwepo.

Zisanu zoyamba zidzakhala zimene aliyense angalembe. Zabwino zimayamba kubwera cha pa khumi ndi zisanu, dzanja litatopa. Mukamaliza sankhani chimodzi, nyimbo yonse ikhale pamenepo. Cha ine chinali ichi: tinkatsika minibasi pa siteshoni imodzi tisanafike kwathu, dala, kuti tiyende pansi tikucheza. Tsiku lina ndinangozindikira kuti papita miyezi tikutsikira pageti penipeni. Palibe anakonza zimenezo. Vesi inatuluka motere:

Tinkatsika basi isanafike kwanu
kuti tiyende pansi pang'ono.
Lero umauza kondakitala
atitsitse pageti penipeni.

Mulibe mawu oti chikondi, koma amene zinamuchitikirapo akumva kale m'mimba.

Pali mawu amene ndimawaletsa pa kope loyamba: mtima, misozi, moto, duwa, maloto, mpaka kale. Si kuti ndi oipa, koma anagwira ntchito kwambiri moti sakulumanso. Mbaula imene makala ake asanduka phulusa yaimbidwa kambirimbiri. Ngati mukufunadi fanizo, lifuneni m'khitchini mwanu. Nsima ya mkute, imene kuno ambiri amati chimbala, ndi nsima ndithu, imakhutitsa, koma aliyense akudziwa kuti inaphikidwa dzulo. Fanizo limodzi lotero likukwana nyimbo yonse. Awiri amalimbana.

3. Sankhani chilankhulo, ndipo gwiritsani ntchito zida zimene chili nazo kale

Ife a pa Lusaka tili ndi malilime awiri kapena atatu m'kamwa mumodzi. Pali Chichewa chimene timalankhula ndi agogo ku Katete kapena ku Mchinji, ndi Chinyanja cha m'tauni cha "nikukonda" ndi "imwe", chosakanikirana ndi Chibemba ndi Chingerezi. Chilichonse chimaimbika. Sankhani chimene munkalankhula ndi munthuyo. Cholakwika n'kuyamba ndi "nikukonda" kenako m'kolasi n'kulowa Chichewa cha m'Baibulo chifukwa mukufuna kumveka ozama. Omvera amamva msoko wake.

Ngati mwasankha Chichewa, muli ndi mwayi, chifukwa kuzirala kuli kale m'galamala mwathu. Onani tizidutswa titatu iti. Ka -nka-: tinkaseka, unkandidikira. Kamanena kuti zinkachitika kawirikawiri ndipo zinatha, zonsezo mu silabulo imodzi. Ka -nso pa mneni wokana: sundiimbiranso, sitikangananso. Ndi ka -be: ndimakusungirabe, tikadagonabe nyumba imodzi. Ka -nka- ndi ka vesi, pokumbukira. Ka -be ndi ka -nso tiikeni moyandikana m'kolasi kuti tizikokana:

Ndimakusungirabe malo a pawindo,
sukhalaponso.

Chida china ndi iwe ndi inu. Pachibwenzi ambiri amati iwe. Munthu amene unkamuti iwe ukayamba kumuti inu, ulemu wakula koma mtunda nawonso wakula. Imbani nyimbo yonse ndi iwe, ndipo pa mzere womaliza "wafika?" uja asanduke "mwafika bwino?" Osafotokoza. Chenjezo lokha: m'mabanja ambiri inu ndi wa masiku onse ndipo ndi wachikondi, ndiye ngati anthu anu ndi okwatirana, chida chake n'china, mwina dzina lachibwana limene ankaitanirana likusanduka "amake mwana".

4. Ma chord ndi liwiro

Apa musachedwepo. Chord ndi noti zingapo zolira pamodzi, ndipo ma chord anayi akukwana. Pa kiyi ya C yesani C, Am, F, G, kenako sinthani C ndi F akhale Cmaj7 ndi Fmaj7. Kamvekedwe kake sikasangalala, sikaliranso, kamangokhala pakati, pamene nkhani yanu ili. Mukafuna kuti pansi pagwe pang'ono, imbani F kenako Fm musanabwerere ku C, kamodzi kokha, kumapeto kwa kolasi. Musathamangire kiyi ya minor poganiza kuti chisoni chimakhala kumeneko. Nyimbo zambiri za indie pop zimayenda mowala, mawu okha ndiwo amapweteka.

Liwiro likhale pakati pa 90 ndi 110 BPM (kugunda pa mphindi imodzi), loti munthu angayende nalo pansi. Mukatsitsa kwambiri isanduka ya pamaliro. Kiyi ipezeni ndi capo (kachipangizo kopanira zingwe pa khosi la gitala), pamene mungaimbe osakweza mawu kuposa mmene mumalankhulira.

5. Kukhazika mawu pa nyimbo

Ili ndiye gawo limene mavidiyo a pa YouTube sadzakuphunzitsani, chifukwa owapanga amaganizira Chingerezi. Ndi limenenso limasiyanitsa nyimbo yomveka yathu ndi nyimbo yomveka ngati yobwereka itavala chitenje.

Chimachitika n'chiyani? Munthu amamvera nyimbo zakunja kwa zaka, ndiye akatenga gitala n'kuyamba kung'ung'udza, kamene kamatuluka ndi kanjira kopangidwira mawu aafupiafupi, a silabulo imodzi kapena ziwiri, amene nthawi zambiri amagunda kumapeto kwa mzere. Kenako amatenga "sundiimbiranso", masilabulo asanu ndi limodzi, n'kulikankhira pamalo a mawu awiri. Zotsatira zake amameza masilabulo, kapena amathamanga ngati ngwangwazi akuitanira basi ya ku Matero.

Chichewa chili ndi kayendedwe kake. Pa mapeto a chiganizo, silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto ndiyo imatalika. Nenani "ndimakukonda" mwachibadwa: mpweya ukukhazikika pa ko, ndipo nda akungogwa. Nenani "sukhalaponso": pa po. Ndiye kugunda kwamphamvu kwa ng'oma, ndi noti yaitali, zigwere pa silabulo imeneyo, yomaliza itsike yokha. Mukaika mphamvu pa nda, mumveka ngati nyimbo zina za m'buku zimene mawu ake anachita kuwavekera pa nyimbo ya kwina. Kutchalitchi tinazolowera, timakhululuka. Munthu akumvera yekha ndi mahedifoni sakhululuka.

Chachiwiri ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu. Mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga timalemba chimodzimodzi koma sitinena chimodzimodzi. Khungu la pathupi ndi khungu la maso chimodzimodzinso: nenani nokha, mumva kuti limodzi likukwera poyamba, lina pomaliza. Mnyamata wina anabwera ndi mzere wotamanda khungu la bwenzi lake, ndipo mmene noti zinkayendera, ankaimba za munthu wosaona. Anzake awiri amene anabwera naye anagwa pampando ndi phwete. Nthawi zambiri nkhani yonse imakupulumutsani, omvera amadziwa chimene mukunena, komabe khutu limagwirwa pang'ono, ndipo m'nyimbo yofewa ngati iyi kugwirwa kumeneko kumamveka.

Njira imene ndimaphunzitsa ndi yochedwa koma siinama. Lembani mzere. Ujambuleni pa foni mukuulankhula, osati kuimba, katatu, ngati mukuuza munthuyo ali tsidya lina la tebulo. Mverani kasanu. Pa pepala jambulani kamzere pamwamba pa mawuwo, kokwera pamene mawu anu akwera, kotsika pamene atsika. Tsopano imbani ma chord anu pang'onopang'ono, muzilankhula mzerewo pamwamba pake mobwerezabwereza, mpaka kulankhulako kuyambe kutalika kokha n'kukhala kuimba. Noti zimene zatuluka zikhala zochepa, mwina zinayi kapena zisanu zoyandikana. Musaziwonjezere. Mtundu uwu wa nyimbo umafuna zomwezo. Simukakamizidwa kutsata kamzere kaja pa silabulo iliyonse, koma pa liwu limene lanyamula mzerewo musapite kotsutsana nako.

Mzere ukakana kukwana, sinthani mawu, osati kuwameza. Chichewa chimalola kudula kwina: "ndi kupita" amakhala "n'kupita", "mu nyumba" amakhala "m'nyumba", ndipo mavawelo awiri okumana amatha kulumikizana. Dulani mokhamo mmene pakamwa pamadula kale tikamalankhula. Kolasi yanga inanditengera masabata awiri chifukwa cha liwu limodzi loti "ndimakusungirabe". Ndinayesa kulifupikitsa, tanthauzo linathawa. Pomaliza ndinalipatsa bar yonse (kagawo kathunthu ka kugunda) lokha, gitala ikudikira, ndipo ndi malo amene anthu amawakumbukira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za kufanana kwa mathero a mizere musavutike nazo. Mawu athu onse amathera pa vawelo, ndipo aneni ambiri amathera pa a, ndiye kufananako n'kotchipa, kumabwera kokha. "Kukonda, kudwala, kulira" si luso. Khutu lathu limakondwera kwambiri ndi kubwereza kwa magwirizano, monga ti-ti-ti wa "tinthu tating'ono tomwe tinkatiseketsa". Sewerani ndi zimenezo.

6. Konzani zida kuti zizichoka

Kapangidwe kake n'kodziwika: vesi, kolasi, vesi, kolasi, kagawo kena kosiyana, kolasi yomaliza. Mphindi zitatu kapena zitatu ndi theka. Nyimbo za pawailesi zimakula zikamapita kumapeto, kolasi yomaliza imabwera ndi chilichonse. Yanu ichite zosiyana. Kolasi yachiwiri ikhale yodzaza kwambiri: gitala ziwiri, besi, ng'oma, mawu achiwiri othandizira. Kuchoka pamenepo yambani kuchotsa. Ng'oma zichoke, kenako besi. Ngati panali mawu a munthu wachiwiri amene ankaimba nanu kuyambira pachiyambi, m'kolasi yomaliza asabwere, malo ake akhale opanda kanthu. Omvera adzawasowa asanadziwe chimene akusowa.

Kutsitsa voliyumu pang'onopang'ono mpaka zii, kumene amati fade out, ine sindikukonda pa nyimbo iyi. N'kophweka mopitirira. Ndimakonda kuthera pa chord imene si yakwawo, monga Fmaj7 m'malo mwa C, n'kuisiya ilire mpaka ithe yokha.

7. Kujambula

Simukufunika situdiyo yodula. Pa mapulogalamu ojambulira, BandLab pa foni ndi yaulere, Audacity pa kompyuta ndi yaulere, ndipo FL Studio ili kale m'malaputopu ambiri m'makomboni muno. Chimene chimasowa pa Lusaka ndi bata. Masana kuli agalu, wailesi ya aneba, ana, ndi wogulitsa makala. Ine ndimajambula mawu usiku kwambiri kapena mbandakucha tambala asanayambe. Kuyambira Novembala mpaka Marichi mvula pa malata imalowa mu chilichonse, dikirani ikate. Mu 2024, madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba ndipo magetsi akuzima maola ambiri, ndinaphunzira kuti mphindi zoyamba magetsi akangozima ndi zagolide: mafiriji onse ali chete, majenereta sanalire. Batire ya laputopu izikhala yodzaza. Ndipo ngakhale magetsi alipo, mukamva kulira kwa "mmmm" pansi pa mawu anu, zulani chaja. Magetsi athu ndi a 50 Hz ndipo amakonda kulowa kudzera pamenepo.

Chipinda cha makoma opanda kanthu ndi simenti pansi chimabweza mawu. Tsegulani wadirobu yodzaza zovala muimbire moyang'ana momwemo, kumbuyo kwanu mupachike bulangete lolemera. Maikolofoni ikhale pa mtunda wa chikhatho chimodzi kuchokera pakamwa. Mawu akamalowa asapitirire -6 dB pa mita yoonetsa kukweza kwa mawu. Kofiira ndi kowononga ndipo sikukonzeka.

Imbani motsitsa. Ambiri a ife tinakulira m'kwaya, tinaphunzira kuponya mawu kuti afike kubenchi yakumbuyo. Pano benchi yakumbuyo kulibe. Jambulani kasanu, ndipo kawirikawiri mudzapeza kuti yabwino ndi yachiwiri kapena yachitatu, imene muli kupuma komveka ndi noti imodzi yogwedera. Isiyeni. Auto-Tune, pulogalamu yowongola noti, ikhale yochepa yoti osaimva. Mukafuna kuti kolasi inenepe, imbaninso kachiwiri mzere womwewo n'kuziphatikiza, osati kukopera yomwe ija.

8. Kusakaniza

Mawu patsogolo, reverb (kamvekedwe kobwerera ngati muli m'holo) pang'ono, ndipo pa mawu ndi magitala dulani kulira kotsika konse kwa pansi pa 80 Hz. Mverani pa sipika ya foni, pa kasipika ka Bluetooth, ndi m'galimoto ya mnzanu, chifukwa ndi mmene anthu adzaimvere. Pa foni besi imasowa, ndiye onetsetsani kuti nyimbo ikuima popanda iyo. Musalimbane ndi kukweza: Spotify imatsitsa nyimbo zaphokoso kuti zifanane cha pa -14 LUFS (muyeso wa kukweza kwa nyimbo), ndiye mukaipanikiza mungotaya kufewa kwake pachabe. Mukamaliza musatumize kwa aliyense usiku womwewo. Igonere, muimvenso m'mawa musanamwe tiyi.

9. Musanaitulutse

Ngati munthu amene mwamuimbayo mukadali naye, aimve kwa inu, osati pa status ya mnzake. Chotsani dzina lake ndi chilichonse chimene azakhali ake angamuzindikire nacho. Siteshoni ya minibasi imene ndinaitchula pa kope loyamba ndinaichotsa pa chifukwa chimenechi.

Ngati wina anaimba gitala, anapanga biti kapena anathandiza mzere, lembani papepala gawo la aliyense, musainirane nyimbo isanatuluke, pamene palibe ndalama yokanganirana. Kalembetseni ku ZAMCOPS, bungwe limene limatolera ndalama za opeka nyimbo zikaseweredwa poyera muno mu Zambia. A ku Malawi lanu ndi COSOMA. Pa Audiomack ndi YouTube mutha kuika nokha. Spotify, imene inafika kuno mu 2021, ndi Apple Music zimafuna kudzera kwa ogawa nyimbo monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby, ndipo muwapatse fayilo ya WAV, osati MP3 imene yadutsa pa WhatsApp, ndi chithunzi cha mbali zofanana, 3000 kwa 3000. Pa chithunzipo musaike nkhope yanu mutagwira tsaya. Jambulani kanthu kaja munasankha pa gawo lachiwiri. Changa ndi minibasi ija: mpando wake wa pawindo ndinaujambula ndi foni pa siteshoni ya Kulima Tower basi isanadzaze.